Mbewu ya Yogati

Achemwali anali kutsuka mabotolo a yogati pa sinki pamene mng'ono wawo, amene aliyense pakhomopo ankamuitana kuti Chitsiriza, analowa m'khitchini ali wefuwefu, chikwama chikadali kumsana. Mtsikanayu ankaphunzira za tizilombo tosaoneka ndi maso, tina towononga chakudya, tina tochikonza. Anafotokoza kuti tizilombo timene anatenga mu yogati wa Achemwali tagonjetsa tinzake toyambitsa matenda otsekula m'mimba. M'kambale ka ku labu kodzaza tizilombo toipato, pamene anadonthezapo panayera ngati pometedwa. Aphunzitsi ake anati zikachitikanso kachiwiri, amutumiza kukapitiriza maphunziro.

"Tithokoze Mulungu," anatero Achemwali osacheuka. Botolo limene anali atalitsuka kale analitsukanso.

Amuna awo anatulukira kuchokera ku chipinda chochezera akuseka, namugwira chanza mlamu wawoyo ndi manja awiri. "Ndiye tiyambiretu kukugwadirani, adokotala a tizilombo? Musadzatiyeze ife, mungatipeze tadzaza."

Onse anaseka. Palibe anafunsa kuti tizilomboto tinakulira m'manja mwa yani.

Yogati amayamba ndi mbewu, supuni ya wadzulo imene umathira mu mkaka wofunda wa lero. Mbewu imeneyi Achemwali anaisunga yamoyo kuyambira chaka chimene mayi awo anamwalira, iwo n'kusiya sukulu kuti Chitsiriza aphunzire. Magetsi akazima ankamiza kachigubu kake mu ndowa ya madzi ozizira. Akadwala ankadzukabe kukaithira mkaka. Tsopano anzawo ogula yogati ankafika pakhomo n'kumafunsa za mtsikana wanzeru uja. Achemwali ankamwetulira, koma popemphera mawu akuti mumudalitse ankawadumpha.

Chitsiriza anabwera ndi kabotolo komata bwino, kowiritsidwa ku labu kuti musakhale tizilombo tina, napempha mbewu yatsopano. Anachenjeza kuti chala chisakhudze m'kati mwa chivindikiro.

"Wayamba kundiphunzitsa kugwira botolo, iwe?" anatero Achemwali. "Pita ukasambe, ukupeza ndathira."

Atatsala okha anatsegula filiji. Kachigubu ka mbewu kanali pamalo pake, ndipo pambali pake panali yogati wa m'sitolo amene amuna awo anagulira mwana wawo. Anaima nthawi yaitali chitseko chili chotsegula, kuzizira kukuwafika m'mapazi. Kenako anathira wa m'sitolo uja. Anadziuza kuti yogati ndi yogati, ngati anzeruwo alidi anzeru adziwa okha.

Patapita masiku Chitsiriza anabwera ali ndwii. Tizilombo toipa tinali titadzaza kambale konse, popanda poyera ngakhale pang'ono. Aphunzitsi anamufunsa pamaso pa anzake ngati zoyamba zija anaziona ndi maso kapena anangozilakalaka. Iye sanaloze munthu chala. Ankangoyang'ana manja ake, n'kumati mwina kawaya kotengera tizilombo sanakawotche mokwanira, mwina anapumira m'kambale. Chakudya anangochigwiragwira n'kuchisiya.

Achemwali anayembekezera kuti mtima wawo upepuka. Sunapepuke.

M'mawa mwake anapeza Chitsiriza wawatsogolera pa sinki monga ankachitira masiku opanda sukulu. Mabotolo anali atawavundikira pa nsalu yoyera. Tiyi wa Achemwali anali patebulo, atamuvindikira ndi kambale kuti asazizire, shuga atachepetsa monga adokotala a kuchipatala anawauzira. Mtsikanayo anayankhula akutsukabe. Anati aphunzitsi amupatsa mwayi womaliza, koma akuganiza zokangovomera kuti analakwitsa, asachititsenso aphunzitsiwo manyazi. Chimene chinkamupweteka kwambiri n'chakuti anali atapempha kale kuti tsiku lina Achemwali adzalowe mu labu, avale chovala choyera, adzaone pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono ziweto zimene akhala akuweta zaka zonsezi osaziona. Anzake a m'kalasi ankalemba manambala pansi pa timbale tawo. Iye ankalemba kuti "ya Achemwali", ndipo ankamuseka nazo.

Achemwali anakhala pampando. Tiyi sanamukhudze. Milomo yawo inagwedera pang'ono monga ankachitira popemphera chamumtima. Kenako anadzuka, nasamba m'manja ndi sopo mpaka m'zigongono, natsegula filiji. Anatulutsa kachigubu kaja n'kukaika m'manja onyowa a mng'ono wawo, koma sanakasiye.

"Manja akowa alibe mlandu," anatero. "Yogati uja ndinakuthirira sanali wanga, anali wa m'sitolo. Ndinachita dala."

Chitsiriza anatseka mpopi.

Achemwali anapitiriza: "Nsanje inandidya, mwana wa mayi anga. Ndikhululukire."