Mkaka Wopanda Ng'ombe

Dzuwa litapendeka, banja la a Lameki lidakhala pansi pa mtengo wa bwemba kuseri kwa nyumba, pamene pamadutsa kamphepo. Kutentha kwa Okutobala ku Golomoti sikulola munthu kukhala m'nyumba ya malata nthawi ngati imeneyo. A Lameki adali pa mpando wa ndalema, mabatani a malaya atamasula. Akazi awo, a Nasibeko, ankasankha mpunga m'lichero. Mwana wawo Doreen, amene amasoka zovala ku Salima ndipo adabwera kudzacheza, adatuluka m'khitchini atanyamula thireyi ya makapu atatu a tiyi.

"Ababa, lero ndinu mlendo wa ku hotela," adatero Doreen akugwada. "Mulawe onse atatu, munene amene wakukomerani."

"Muli mkaka umu?"

"Muli mkaka, koma ng'ombe sinapondemo."

A Lameki adayang'ana makapuwo mokayikira. Iwo adakula akukonda tiyi wa mkaka, woyera bwino, wa shuga wambiri. Koma chaka chimenecho m'mimba mwawo mudawatembenukira. Akangomwa kapu imodzi, mumayamba kulira ngati chigayo cha dizilo, ndipo posakhalitsa ankafunafuna tchire. Ku chipatala adawauza kuti si matenda oopsa, kungoti m'mimba mwawo mwasiya kugwirizana ndi mkaka wa ng'ombe, ausiye basi.

Kusiya mkaka sikudali kovuta. Chovuta chidali tiyirumu ya Mayi Rahema pa msika, pamene alimi a mpunga a ku Bwanje amayamba akhalapo m'mawa asanapite ku minda. Pamenepo wofika poyamba amaitanitsira mnzake tiyi, ndipo a Lameki ndi a Laston, amene minda yawo idagundana malire, akhala akuitanitsirana chiyambire unyamata wawo. Tsiku lina a Laston adaitanitsa monga mwa masiku onse, a Lameki nkukankhira kapu pambali. M'mawa mwake adateronso.

"Kodi achimwene, mwamva zotani za ine?" adafunsa a Laston tsiku limenelo.

A Lameki adayang'ana Mayi Rahema, adayang'ana amayi ogulitsa mandasi pakhomo. Adangodzuka nkukwera njinga. Kuyambira pamenepo sadapondekonso. Ku munda awiriwa ankangokwezerana khasu chapatali, ndipo pa mjigo panali patamveka kale kuti a Lameki akuopa kuthiriridwa mankhwala ndi mnzawo chifukwa cha madzi a m'ngalande.

"Mawu ake ndi ochepa," adatero a Nasibeko osadzutsa mutu pa lichero. "Kungoti, a Laston, ine m'mimba. Akukulemerani chiyani, bambo a Doreen?"

"Munthu wa msinkhu wanga ndizikalengeza za kuchimbudzi anthu akudya masikono?"

"Ndiye bola akuyeseni woganizira mnzanu ufiti?"

"Amayi, dikirani kaye alawe," adatero Doreen. "Yambani ndi iyi, ababa. Mkaka wake ndi wa mpunga."

A Lameki adapsontha pang'ono, nkugwedeza mutu.

"Awa ndi madzi otsukira mpunga. Amako amapatsa abakha amenewa."

"Ndinauviika, ndinausinja, ndinasefa!"

"Abakha akanathokoza kwambiri."

Kapu yachiwiri idali ya mtedza. Pamwamba pake pankayandama timafuta. A Lameki adamwa, nkuyamba kutafuna pakamwa popanda kanthu.

"Apa pangosowa nkhwani ndi tomato," adatero. "Mwananga, wanditendera tiyi."

A Nasibeko adaseka mpaka mpunga wina udatayikira pansi, nkhuku nkuthamangirapo. Doreen adakwinya nkhope mwachiphamaso, nkusendeza kapu yachitatu.

"Uyu ndi wa soya. Anandiphunzitsa Mirriam, mnzanga wa Sabata amene timasoka limodzi. Kwawo ena sadya za mkaka konse. Mukamunyoza uyu, ndibwerera ku Salima lero lomwe."

A Lameki adatakasa ndi supuni nkuyang'anitsitsa. Maonekedwe ake adali omwewo a tiyi wa kwa Mayi Rahema, ofiirira moyera. Adanunkhiza. Kafungo ka nyemba kanalipo, koma ka patali. Adamwa kamodzi, kawiri, kenaka adapendeketsa kapu mpaka shuga wa pansi adawafika pa lilime.

A Nasibeko adaika lichero pansi nkupendeketsa khutu cha kumimba kwa amuna awo. Doreen naye adasendera pafupi. Njiwa idalira mu bwemba, ngolo idadutsa ku msewu, ndipo onse atatu adangokhala akudikira.

"Chigayo sichinalire," adanong'ona a Nasibeko.

"Chokani apa inu," adatero a Lameki, koma nkhope yawo idali itamasuka. "Kaya mwina chikudikira dizilo."

Adadikirabe mpaka mthunzi wa bwemba udafika pa khola la mbuzi. M'mimba mudangoti zii. Pamenepo Doreen adathamangira ku khitchini nkubwera ndi mbale yovundikira. Atavundukula, mudali chinthu choyera, cha makona anayi, chokhala ndi zidindo za nsalu imene adachikulungamo. Chidali chitakhala tsiku lonse pansi pa mwala wonolera mipeni.

"Waumba sopo?" adafunsa a Nasibeko.

"Ichi ndi tchizi, amayi."

"Tchizi ndiye chiyani?"

"Chimene azungu amaika pa buledi. Chenicheni amapanga ndi mkaka wa ng'ombe. Ichi ndafinyira ndimu mu mkaka wa soya wowira, nkugwirana ngati chambiko, kenaka ndapsinja ndi mwala. Chimalowa m'malo mwa chenichenicho."

A Nasibeko adachigwira ndi chala, chala nkulowa pang'ono.

"Chilowa m'malo mwa chinthu chimene pakhomo pano sichinakhalepo?"

"Ndiye tidziwa bwanji kuti chafanana nacho?" adawonjezera a Lameki. "Iweyo chenichenicho unachidyapo?"

Doreen adaluma mlomo. "Ndinachionapo mu filiji ya m'sitolo."

"Nanga Mirriam?"

"Iyenso anangochiona."

Onse adaseka, Doreen yemwe. A Lameki adanyema kachidutswa nkuika pakamwa. Adatafuna nthawi yaitali, maso ali m'mwamba ngati munthu wofuna kukumbukira dzina la m'bale wakutali.

"Sichikuwawa," adatero. "Sichikutsekemera. Sichikuchita chilichonse. Ngati azungu amalimbirana zimenezi, tiziwapempherera."

A Nasibeko adanyamula mbaleyo nkulowa nayo m'khitchini. Posakhalitsa kudamveka mafuta akulira mu chiwaya, fungo la anyezi nkufika pa bwemba. Adabwerako ndi tizidutswa tofiirira m'mbali, towaza mchere ndi tsabola pang'ono. A Lameki adatola kamodzi, kenaka kena, kenaka adakokera mbale pa miyendo pawo.

"Aa, ichi tsopano chalowa m'malo mwa mazira," adatero.

"Mwaona? Ndiye mawa mupite ku tiyirumu," adatero Doreen. "Ndikuwiritsirani mkaka wina m'mawa, muthire m'botolo. Mukaitanitse tiyi wopanda mkaka, muthiremo wanu. Nkhani yatha."

Dzanja la a Lameki lidaima m'mbale.

"Mwananga, sunaganize bwino. Ndinakana kapu ya a Laston pamaso pa anthu. Mawa nditulukire ndi botolo langalanga m'thumba. Anthu adzati chiyani? Adzati onani, akuopadi, mpaka wayamba kuyenda ndi mkaka wa kunyumba."

Doreen adayang'ana pansi. Zimenezo adali asanaziganizire.

"Ndiye mukawathirire iwonso," adatero a Nasibeko akutola mpunga umene nkhuku zidasiya.

"Akakana?"

"Akakana mudzakhala mwafanana. Mudzamvako mmene zimawawira."

A Lameki adatola kachidutswa kotsiriza nkukayang'ana mbali zonse. Kenaka adakaponya m'kamwa.

M'mawa mwake adalawirira kuposa masiku onse. Doreen adawapatsa botolo likadali lofunda, a Nasibeko nkuwamangira tchizi chokazinga m'kambale ka chivundikiro. Zonse adaika m'thumba lomwe amanyamuliramo chikwakwa, khasu nkumangirira pa kaliyala.

Ku tiyirumu adapeza Mayi Rahema akukolezera moto pansi pa ketulo yaikulu, wailesi ikulira pa shelefu. Pa benchi ya pafupi ndi khomo padali a Kadzuwa, mkulu wokonza maukonde amene amakhala pamenepo tsiku lililonse, ndi alimi ena angapo.

"Mashallah, a Lameki!" adafuula Mayi Rahema. "Ife timati munapita ku Joni osatsanzika."

"Ndilipo, mayi. Makapu awiri, opanda mkaka."

"Opanda mkaka? Mpunga sunagulidwe chaka chino?"

"Ingothirani, mayi."

Tiyi atangofika patebulo, belu la njinga lidalira panja. A Laston adalowa akupukuta thukuta ndi chipewa. Ataona a Lameki adaima pakhomo kanthawi, kenaka adapereka moni kwa onse pamodzi nkukakhala kumapeto kwa benchi.

A Lameki adapisa dzanja m'thumba nkutulutsa botolo. Adathira m'kapu yoyamba, adathira m'kapu yachiwiri, tiyi nkuyera. Adatakasa onse awiri, nkukankhira imodzi pang'onopang'ono mpaka idafika patsogolo pa a Laston. Mayi Rahema adachepetsa wailesi.

"N'chiyani chimenechi?" adafunsa a Laston osaigwira kapuyo.

"Mkaka."

"Wa ng'ombe ya ndani?"

"Ng'ombe yake timadzala m'mizere. Ndi soya, achimwene. Wapanga Doreen."

A Laston adapinda manja pachifuwa.

"Ndimve bwino. Inu munakana tiyi wowiritsidwa ndi Mayi Rahema, pamaso pa anthu onsewa, chifukwa ndaitanitsa ndine. Lero ine ndimwe za m'botolo lotuluka m'thumba mwanu?"

"Sindinakane chifukwa cha inu."

"Nanga chifukwa cha ndani?"

A Lameki adayang'ana uku ndi uku. Amayi a mandasi adali atasuzumira kale pa zenera. A Lameki adawerama nkunong'ona kanthu.

"Mwati chiyani? Khutu ili linalowa madzi ku ngalande. Kwezani mawu."

"Ndati m'mimba."

"M'mimba mwatani?"

"Mkaka wa ng'ombe umanditsegula m'mimba!" adafuula a Lameki, mawu nkumveka mpaka kwa okonza njinga kutsidya kwa msewu. "Ndikamwa pano sindifika ku Bwanje! Mwamva tsopano?"

Tiyirumu yonse idaphulika ndi kuseka. Mayi Rahema adakhala pansi pa thumba la makala akupukuta misozi ndi mpango. A Laston adayesa kuumitsa nkhope, koma mapewa awo adayamba kugwedezeka.

"Ndiye tsiku lija ndinapeza njinga yanu itagona pafupi ndi chulu, gudumu likuzungulirabe, mwiniwake osaoneka..."

"Musapitirize, achimwene."

"Ine ndimati mwandiona ndikubwera ndiye mwabisala!"

"Kubisala ndinabisaladi, koma osati inu."

A Kadzuwa adagogoda benchi ndi ndodo yawo. "Mukumuseka chiyani mnzanu? Inu mumayesa ine ndimakhalira pafupi ndi khomo chifukwa cha mphepo?"

Kuseka kudayambiranso. A Laston adasendera pa benchi mpaka adafika moyang'anana ndi a Lameki. Adanyamula kapu ija, adanunkhiza, nkukwinya mphuno.

"Fungo la nyemba."

"Mukathira shuga limathawa."

"Munthu iwe," adatero a Laston motsitsa mawu, kuti amve awiri okha, "ine usiku tulo osabwera, kumaganiza kuti ndinakulakwira chiyani. Mpaka ndinafunsa akazi anga ngati mbuzi zathu zinadya mbewu zako."

"Pepani, achimwene. Manyazi."

"Manyazi a chiyani? Mimba tonse tili nazo."

Adamwa. Adatsitsa kapu, adanyambita milomo, nkumwanso.

"Si ng'ombe," adatero. "Koma alendo akabwera, sungachite nawo manyazi."

A Lameki adatsegula kambale kaja nkukaika pakati pa tebulo. Manja adachokera mbali zonse. Mayi Rahema adayamba afunsa ngati mulibe chilichonse cha nkhumba, ndipo atamva kuti ndi soya, ndimu ndi mafuta ophikira basi, adatola kawo nkukaika mkati mwa sikono.

"Chimenechi dzina lake?" adafunsa a Laston akutafuna.

"Tchizi."

"Ndiye tchizi chimakoma chonchi?"

"Funsani amene anadyapo chenicheni."

Adayang'anana onse m'tiyirumu muja. Padalibe ndi mmodzi yemwe.

"Basi, ndi chomwechi," adagamula a Kadzuwa, akutambasula kapu yawo kuti awathirireko za m'botolo.

Dzuwa lidali litayamba kuluma pamene awiriwo adatuluka. Mayi Rahema adawakuwira kuti Doreen asabwerere ku Salima asanadzawaonetse kasefedwe kake. A Laston adamangitsa khasu lawo pa kaliyala, nkuyesa tayala la kumbuyo ndi chala.

"Mawa kuitanitsa ndi kwanga," adatero. "Inu mungobwera ndi ng'ombe yanuyo. Muli ndi pampu? Tayala ili laphwa."

A Lameki adamasula pampu pa njinga yawo nkuwapatsa, iwo nkugwirira chiwongolero pamene mnzawo ankapopa, akudandaula za udzu umene wadzaza ngalande ya kumunsi.