Tadala Pakati pa Anthu Amiyala

Maloto awa andisowetsa mtendere, n'chifukwa chake ndikuwanena.

Ndinalota ndili ku Portugal, m'nyumba yosungiramo zinthu zakale momwe mwana wanga Tadala amagwira ntchito yopukuta fumbi. Pansi pankazizira ngati ndaponda m'madzi. Anthu osemedwa pamiyala anaima m'mizere, oyera mbuu, ena opanda mikono, wina wopanda mphuno. Onse anali chete. Ndinati pano pali maliro, ndipo ndinavula chipewa n'kukhala pansi kumbali ya amuna.

Ndinafunsa mkulu wandevu wa pachithunzi chapakhoma kuti, "Pepani bambo, watisiya ndani?" Anangondiyang'ana, penti ikuchucha m'ndevu zake, ikununkha ngati palafini.

Kenaka ndinaona Tadala ataima pamwamba pa chimwala, kansalu kali m'manja. Miyendo yake inali itasanduka mwala mpaka m'mawondo.

"Tsika apo, iwe."

"Ababa, musandigwire. Kuno saloleza kugwira."

Ndinamugwirabe. Ndinamubereka ngati khanda, akulemera ngati matumba a simenti. Ndinayenda naye osamutula, koma khomo linkangotalikira, anthu amiyala aja akutembenuza makosi kutiyang'ana.

Nditadzuka msana unkawawa. Amayi ake a Tadala akuti ndi khasu ladzulo. Mwina. Tanthauzo la malotowa sindikulidziwa. Chomwe ndikudziwa n'chakuti mwana amene kale ankaseka pafoni, masiku ano amangoti "ndili bwino" n'kudula.

Ndamuimbira m'mawa uno. Ndamuuza kuti Khirisimasi ino adzadyere kuno kumudzi. Maganizo ake sindinamufunse.