Mapointi 14 a Zakeyu

Pa malire a Mwanza, makamera ambiri oyang'ana pa mageti a masitolo anapachikidwa ndi Zakeyu. Ntchitoyi sanaiphunzire m'kalasi ayi. Anaitola yekha pa foni, mpaka a Harun, eni nyumba zosungira katundu wa mathiraki opita ku Zobue, anamupatsa makamera awo onse. Amalonda ena anangotsata pamene aponda a Harun. Tsiku limene a Harun angamutaye, Zakeyu adzatsala ndi makwerero ake basi.

Kenako kunabwera Thandie, laputopu kumsana.

Awiriwa anali kalasi imodzi ku sekondale kwa Nthache. Pa mayeso a Fomu 4, Zakeyu anapeza mapointi 14, Thandie 17. Ngakhale mwana amadziwa kuti ochepawo ndiye abwino, koma ku yunivesite kunapita Thandie. Nkhaniyi Zakeyu ankaifotokozera aliyense: akabaza, osintha ndalama, ngakhale madalaivala osamva Chichewa.

Thandie anam'peza ali pamwamba pa makwerero. Anamuuza kuti akuchita kafukufuku wa chitetezo cha zipangizo zolumikizidwa pa intaneti, ndipo a Harun anamulola kuyesa makamera awo. Kamera yoyamba inatseguka asanamwe n'komwe tiyi amene a Harun anamupatsa. Yachiwiri chimodzimodzi. Zonse zinali ndi pasiwedi imodzi.

"Mapointi14, Zakeyu? Mpaka lero?"

Zakeyu anapsa mtima. Onse opachika makamera amatero: pasiwedi imodzi paliponse, kuti kasitomala akaimba foni uli ku Thambani, ulowe pomwepo n'kumukonzera. Ankadziwa chiyani Thandie za kasitomala wokalipa, iye wokhala mu ofesi ya mphepo yozizira? Thandie anayamba kunena kuti Lachisanu adzaonetsa amalonda mmene wakuba angaonere nthawi imene mlonda wachoka pa geti, ndiye ndi bwino akambirane kaye. Zakeyu sanadikire kuti amalize. Anatsika, nanyamula makwerero, ulendo.

Kukambirana chiyani? Anam'landa malo ku yunivesite, lero akufuna kum'landanso a Harun, pamaso pa anthu. Chabwino. Lachisanulo achita manyazi ndi iyeyo.

Anakwera njinga yake nazungulira malire onse dzuwa likuswa mtengo. Sitolo iliyonse analowa, kamera iliyonse anaipatsa pasiwedi yakeyake, yaitali, yosakaniza zilembo ndi manambala yoti ngakhale mwini wake lilime limukane. Makamera otchipa amene sankalola kusintha anawachotsa pa intaneti. Kwa mayi Esinati ogulitsa zitenje anapeza kuti kamera ikuonetsa ndi kuchipinda kwa ana komwe. Anaima kaye, thukuta lili kamukamu, kenako anaitembenuza. Koma mumtima ankangoona nkhope ya Thandie laputopu itamukanira.

Lachisanu amalonda anadzaza khonde la a Harun. Thandie analemba pasiwedi ija. Inakana. Anayesa kamera ina, inakananso. Zakeyu anatsamira chipupa, manja atapinda pachifuwa, kudikira kuti wina ayambe kuseka.

Amene anaseka ndi Thandie yemweyo. Anatembenuza laputopu naonetsa anthu chithunzi cha geti la a Harun chimene anajambula tsiku loyamba lija, mlonda ali mtulo pa mpando masana. Anati sabata yatha aliyense akanatha kuona zimenezi ali ku Tete, koma lero chitseko chatsekedwa, ndipo n'zimene kafukufuku wake amafuna.

A Harun anaomba m'manja. Anati sukulu ndi sukulu basi, taonani mtsikana wangobwera masiku ochepa, katundu wathu watetezeka. Thandie anawadula mwaulemu kuti wagwira ntchito yonseyo ndi Zakeyu, yekha, popanda womuuza chochita.

"Eya, mutam'tsegula maso inuyo," anatero a Harun. Anatembenukira kwa Zakeyu. "Iwe, makamera a nyumba yatsopano ija upachike Lolemba. Koma uziwafunsa achemwaliwa."

Ntchito inatsala m'manja mwa Zakeyu, koma ulemu unapita kwina. Anakwera makwerero ndi iye, anapsa ndi dzuwa ndi iye, m'manja aombera wa laputopu.

Anthu atabalalika, Thandie anam'tsatira pa njinga paja. Anati akufuna kulemba mmene makamera a pa malire anakonzedwera, ndipo popeza anakonza ndi Zakeyu, dzina lake liyenera kukhalapo pa pepala la kafukufukuyo. Anafunsa ngati angalole.

Zakeyu anamanga makwerero pa keriyala, nakoka chingwe mpaka chinalira. Sanamuyang'ane.

"Dzina langalo likhala pamwamba pa lako, kapena pansi?"

Thandie anati pansi.

"Fotini pansi pa seventini," anatero Zakeyu. Anaika phazi pa pedulo. "Lemba. Koma ulembe Zakeyu yense, osati Z yekha."