Chingwe cha a Ezekiel

Tione anabwera kutchuthi ku Kawale mu Ogasiti wa 1995 ali ndi nkhani imene sanauze munthu. Chaka chake choyamba ku yunivesite ku Zomba chinali kupita kumapeto, ndipo phunziro limodzi linali litamukhala pakhosi. Silinali la masamu owerengetsera, amene ankakhoza kuyambira ku pulayimale. Linali la mbiri ya masamu: kumene manambala anachokera, mmene anthu akale ankayezera minda, ndi ntchito ya masamu pakati pa anthu. Theka la malikisi linkachokera pa kuyankhula m'kalasi, koma Tione anali asanatsegulepo pakamwa chaka chonse.

Mphunzitsi wa phunzirolo anamuitana sukulu isanatseke. Anamuuza kuti kwatsala ntchito imodzi: aliyense abwere ndi masamu a kwawo, awaonetse pamaso pa anzake. Akalephera imeneyo, chaka chachiwiri sadzachiona.

Mnzake wa ku Area 47 anali atanena kale kuti adzabwera ndi mapulani a misewu a bambo ake, omwe anali injiniya. Bambo ake a Tione, a Ezekiel, anali mmisiri womanga nyumba, ndipo sukulu analekezera Sitandade 4 kwawo ku Ntcheu. Tione anayang'ana m'nyumba monse masiku atatu osaona masamu alionse.

Tsiku lachinayi anaona chingwe. Chinali pamsomali kuseri kwa chitseko, pamene chinkakhala chibadwire iye: chakuda ndi thukuta, chouma ndi simenti, chokhala ndi mfundo motalikirana mofanana. Anatsegula kope lake. Pa tsamba lina anali atalemba mawu a mphunzitsi, akuti ena amati amisiri a ku Iguputo wakale ankawongola ngodya za nyumba ndi chingwe cha mfundo khumi ndi ziwiri. Ankachikoka pa zikhomo zitatu, mbali ina mipata itatu, ina inayi, ina isanu, ndipo ngodya inkatuluka ya sikweya.

Madzulo ake, a Ezekiel akusamba m'manja pakhonde, Tione anagwada chapatali.

"Abambo, chingwe chanu chija, cha mfundo khumi ndi ziwiri. Ndimati mundibwereke ndipite nacho kusukulu."

A Ezekiel anamuyang'ana. "Khumi ndi ziwiri?"

"Eya. Tinaphunzira."

"Oo." Anakutumula madzi m'manja. "Mlimi sabwereketsa khasu mvula itagwa. Lolemba ndikuyamba maziko ku Area 23."

Tione sanabwerezenso. Mawa lake anapita kumsika wa ku Mchesi, anagula chingwe chatsopano choyera. Anakhala pansi pa mtengo wa mapapaya ndi lula yake yakusukulu, kuyeza, kumanga mfundo, kuyezanso. Atamanga ya khumi ndi chiwiri anadula chotsalacho ndi mpeni wa amayi ake. Chingwe cha bambo ake sanachigwire n'komwe. Zonse zinali m'kope.

Chimene ankafuna chinali kuyeserera pa nthaka yeniyeni, anthu akuona, kuti mawu ake azolowere kutuluka. Choncho Lolemba anatsatira bambo ake ku Area 23. Pulotiyo inali yolambulidwa kale, njerwa zowotcha zitaunjikidwa pambali, fumbi likuuluka ndi mphepo ya Ogasiti. Panali Greyson, amene anagwira ntchito ndi a Ezekiel zaka zisanu ndi zitatu, munthu wosatha kukhala chete.

"Aa, lero kwabwera a Profesa!" anatero Greyson. "Madala, tikanadziwa tikanavala mataye."

"Akufuna atiyezere ngodya yoyamba," anatero a Ezekiel. "Apatse zikhomo."

Tione anakhoma chikhomo choyamba pamene anamulozera. Anakoleka mfundo yoyamba, anawerenga mipata itatu, anakhoma chachiwiri. Anawerenga inayi, anakhoma chachitatu. Kenaka anakoka chotsalacho kubwerera pa chikhomo choyamba. Sichinafike. Anasuntha chikhomo chachitatu, chingwe chinafika, koma ngodya imene inatuluka inali yopanikizika ngati mlomo wa nkhuku. Ngakhale mayi wina amene ankadutsa ndi ndowa pamutu anaima n'kuiyang'ana.

Greyson anazungulira zikhomozo manja ali kumbuyo.

"Achemwali, nyumba imeneyi bedi lidzalowa bwanji? Kapena ku Zomba anthu amagona chopingasa?"

"M'buku muli choncho," anatero Tione. Mawu ake anamveka pang'ono.

"Ndiye mukagone m'bukumo."

A Ezekiel sanaseke. Anatulutsa chingwe chawo m'thumba la feteleza mmene ankasungira zida, n'kuchiponya pamapazi a mwana wawo.

"Werenga."

Tione anachitola. Chinali cholemera kuposa chake. Anadutsitsa mfundo m'zala imodziimodzi, akuwerenga chapansipansi. Atafika kumapeto anayambiranso.

"Zingati?"

"Khumi ndi zitatu."

"Zako?"

"Khumi ndi ziwiri."

"Tsopano usawerenge mfundo. Werenga mipata ya chakocho."

Inali khumi ndi umodzi. Mbali yaitali ija, yofunika mipata isanu, inali ndi inayi yokha.

A Ezekiel anazula zikhomo, anakhomanso. Mfundo yoyamba ya chingwe chawo anaikoleka pa chikhomo cha kumayambiriro, anazungulira zinazo, ndipo mfundo yomaliza inabwera kudzakhala pamwamba pa yoyamba ija, ziwiri pa chikhomo chimodzi. Greyson anabweretsa sikweya yachitsulo n'kuiika pangodya. Inalowa osasiya mpata.

"Munthu woyang'ana ataima amaona khumi ndi ziwiri," anatero a Ezekiel. "Wa m'buku lako anaima. Sanawerame."

Tione anakumbukira chithunzi chimene mphunzitsi anajambula pabolodi. Chingwe cha pa chithunzicho chinali cholumikizidwa kale, chopanda poyambira ndi pothera. Iye anakopera nambala, chithunzi sanachiganizire.

"Inu anakuphunzitsani ndani?" anafunsa.

"Mzee wina, nkhalamba ya ku Tanzania, tikumanga nyumba za boma likulu la dziko likuyamba kumene. Iyenso anati anaphunzira kwa amalume ake. Za ku Iguputo sananene."

"Mwina amalumewo ndiwo anali a ku Iguputo," anatero Greyson, akuthira phulusa motsatira chingwe kuti okumba aone mzere.

Tione anakhala pa mulu wa njerwa mpaka masana. Analemba zimene anaona: kuti bambo ake amayeza kawiri ngodya iliyonse, kuti chingwe sachinyowetsa chifukwa chimafupika, kuti akamaliza ngodya zinayi amayeza modutsa pakati mbali zonse ziwiri, ndipo zikasiyana amazula zonse. Palibe anamuyankhulanso, kupatula Greyson amene anamugawira chinangwa chootcha n'kumufunsa ngati maprofesa amadya zotere.

Tchuthi chinatha patapita milungu iwiri. M'mawa wa ulendo, akutseka chikwama, anapeza chingwe chakuda chija chitakulungidwa pamwamba pa zovala. Anasuzumira kuseri kwa chitseko. Pamsomali panali chake choyera, chitalumikizidwa kachidutswa ka chingwe choyanikira zovala, ndi mfundo ina kumapeto. A Ezekiel anali atapita kale kuntchito. Tione anapita kuseri kwa nyumba, anadula chingwe china pa choyanikira zovala chija, namanganso cha mfundo khumi ndi ziwiri, cholakwika dala. Anaika zonse ziwiri m'chikwama.

Anabweranso mu Disembala, mvula itayamba. Anapeza bambo ake pakhonde akukonza chogwirira cha fosholo. Anawapatsa moni, n'kutulutsa pepala la zotsatira. A Ezekiel analigwira patali ndi maso, analitembenuza, analibweza.

"Likuti chiyani?"

"Ndakhoza. Ndibwerera mu Januwale."

"Unayankhula?"

"Ndinawatulutsa panja onse, pabwalo. Ndinapatsa mnyamata wina wolongolola chingwe cholakwika kuti ayeze motsatira buku. Anavutika nacho mpaka thukuta. Kenaka ndinatulutsa chanu, ndinati awerenge."

"Aphunzitsi anati bwanji?"

"Anawerenga okha kawiri. Anapempha kuti chitsale mu ofesi mwawo, azionetsa a chaka chamawa."

A Ezekiel anasiya fosholo. "Ndiye?"

"Ndinakana. Ndinati eni ake akuchigwiritsa ntchito."

Anachitulutsa m'chikwama n'kuchipereka ndi manja awiri. A Ezekiel anadutsitsa mfundo zonse m'zala mpaka kumapeto, analowa m'nyumba, anachotsa choyera chija pamsomali, anapachika chawo. Choyeracho anapatsa amayi ake a Tione, amene ankadandaula kuyambira Ogasiti kuti chingwe chawo choyanikira chinafupika.