Chipewa cha Injini

Injini ya m'fakitale ya tiyi inayamba kutsokomola Loweruka m'mawa. Fabiano anaimva ali kuseri akutunga madzi oiziziritsira, ndipo ndowa inamupulumuka m'manja. Inati du, du, n'kudumpha kamodzi, utsi wakuda tolo! Pofika pakhomo anapeza gudumu lalikulu likuzungulira mwaulesi, lamba akugwedera, makina opota masamba akuima amodziamodzi, mpaka injini inazima.

Unali mwezi wa Januwale, chaka cha 1934, mvula ili pakati, tiyi akuphuka ngati wapenga. Masamba othyoledwa dzulo lake anali atafota bwino m'chipinda chapamwamba, ndipo masamba ofota sadikira munthu. Akapanda kupotedwa lero, mawa amakhala manyowa.

Fabiano sanali mwini injini. Ntchito yake inali kuthira mafuta, kupukuta ndi kusesa. Katswiri anali a Eliya, amene anaphunzira za makina kumishoni, munthu woti akaika khutu pachitsulo amadziwa chimene chikudwala. Koma a Eliya anali a Chisabata. Loweruka sakanagwira sipanala ngakhale mutawalonjeza esiteti yonse. Mzungu woyang'anira, amene antchito ankamutcha Bwana Sapuma, anali atapita ku Limbe ndipo ankayembekezeka kubwera masana omwewo.

"Waitani injini ya azungu iwe?" anafunsa a Blackson, kapitawo wa m'fakitale.

"Sindinaitani kanthu, akapitawo."

Linali bodza, ndipo thukuta limene linamuyenderera m'khosi linkadziwa zimenezo.

Nkhani yake inali chipewa. Mafuta a injini ankabwera m'migolo kuchokera kutali, ali ndi dzimbiri, mchenga ndi timadzi pansi. A Eliya ankawasefera pa chipewa chakale chaubweya chimene mzungu wina anataya. Mafuta ankadutsa, litsiro ndi madzi n'kutsala. Lamulo lawo linali limodzi lokha: dontho lisalowe m'thanki lisanadutse pachipewa.

Tsono Lachiwiri Fabiano anapita nacho kunyumba kuti akachitsuke, ndipo atsibweni ake a mkazi wake Teleza, a Sitefano, anachiona. Iwo anali pa ulendo wa ku Masambanjati kukaimira ukwati ngati ankhoswe. Anachitembenuza uku ndi uku, n'kuchiyesa kumutu, n'kunena kuti chawakwana. Ndani angakanize munthu ngati ameneyo? Ndi a Sitefano amene anaolotsa Fabiano ndi Teleza mtsinje wa Ruo pothawa chibalo cha Apwitikizi, ndiwonso anawapemphera malo pa esiteti. Mkamwini sakaniza atsibweni chipewa. Teleza anachichapa ndi phulusa mpaka fungo linachepa, ndipo akuluakuluwo anapita kuukwati akununkha injini pang'ono, koma atatchena.

Masiku atatu Fabiano ankalawirira kudzaza thanki a Eliya asanafike, akusefera pa chiguduli. Chiguduli n'chabwino posunga chimanga. Posefa mafuta ndi bwenzi la aliyense, chimangoti dutsani.

Tsopano madzi anafika m'khosi. Nyumba yake, kamunda kake ka chinangwa, zonse zinali panthaka ya mzungu. Wochotsedwa ntchito ankamugwetsera nyumba tsiku lomwelo. Akanalowera kuti ndi Teleza ndi ana awiri? Kutsidya kuja dzina lake linali lidakali pakamwa pa asilikali.

"Ilize tione," anatero a Blackson.

Injiniyo inkadzutsidwa ndi mpweya wopanikizidwa m'botolo lalikulu lachitsulo, ndipo botololo linkadzaza pokhapokha injini ikuyenda. Munali mpweya wokwanira kuyesa kawiri. Fabiano anafuna kukana, koma kapitawo sakanidwa. Anatsegula. Gudumu linazungulira katatu, injini inapuma ngati ng'ombe yotopa, n'kukhala chete. Kunatsala kamodzi.

Fabiano anathamanga. Anadutsa m'mizere ya tiyi, mame akumunyowetsa mpaka m'chiuno, naoloka kamtsinje, nakwera chitunda kufika pa kachalichi kofolera ndi udzu. Anthu anali akuimba. Fabiano anaima pazenera, mafuta ali bii thupi lonse, mpaka a Eliya anamuona natuluka atavala jekete loyera.

"Achimwene, injini yafa."

"Lero ndi Sabata, Fabiano."

"Ndikudziwa. Muluku wakumwamba ndi mboni, sindikanabwera. Koma bwana akapeza masamba atawola, ine ndatha. Ana anga agona patchire."

"Wakhala ukusefera pa chiyani? Unandiuza kuti chipewa chikuuma."

Fabiano anayang'ana pansi, naulula zonse, za atsibweni, za ukwati, za chiguduli. A Eliya anatseka maso. Milomo yawo inanjenjemera, kaya ndi mkwiyo kaya ndi kuseka, sizinadziwike. Kenako anaika manja kumbuyo n'kuwagwiranitsa, ngati akuopa kuti angathawe okha kupita kufakitale.

"Sindibwera, ndipo sindigwira chitsulo. Koma pakamwa sindinatseke. Tchera khutu, ndinena kamodzi. Khuthula thanki yonse. Masula kamlomo kamene kamapopera mafuta m'kati, ukaviike m'palafini. Timabowo take usatitokose ndi msomali, wamva? Ukatikulitsa, waipha injini. Sema kansungwi kaonde ngati singano. Ukabwezera, masula bawuti wa papaipi, upope mpaka thovu litatha. Mafuta usefe pa nsalu yothinana, uipinde kanayi."

"Nsalu ndiitenga kuti?"

"Wavala chiyani?"

A Eliya analowanso m'tchalichi osacheuka.

Fabiano anagwira ntchitoyo ali chifuwa pamtunda, malaya ake okhawo ali pakamwa pa thanki. Kansungwi koyamba kanathyoka, kachiwirinso. Amayi osankha tiyi anaunjikana pakhomo, a Blackson akuyendayenda n'kumayang'ana dzuwa. Pa kansungwi kachitatu kanthu kakuda konga njere ya mawere kanatuluka pa kabowo. Anayang'anitsitsa kanthuko, osakhulupirira kuti kachinthu kotero kangagwetse nyumba ya munthu.

Anabwezera zonse. Anapopa, thovu linatuluka, linatulukanso, kenako mafuta okhaokha. Anagwira chotsegulira mpweya, koma osatsegula. Mpweya umenewo unali wotsiriza.

"Tsegula, iwe!" anakuwa a Blackson.

Gudumu linazungulira kamodzi, kawiri, katatu. Kachinayi linazengereza. Kenako du! Du! Du-du-du-du, lamba n'kukoka, makina opota n'kuyamba kulira m'fakitale monse. Amayi aja analuluta. Fabiano anangokhala pansi pa simenti.

Bwana Sapuma anafika dzuwa litapendeka, napeza tiyi akupotedwa. A Blackson, pofuna kuti nawo atamandidwe, anamufotokozera zonse: kuti injini inafa, kuti a Eliya kunalibe, kuti Fabiano anaimasula yekha n'kuidzutsa. Mzunguyo anaika dzanja pa injini, namvetsera nthawi yaitali, kenako anatembenuka.

"Wakonza iwe wekha?" anafunsa m'Chinyanja chake chopindika.

Fabiano anatsegula pakamwa. Akatchula a Eliya, afunsidwa chimene chinatseka kamlomo, ndipo nkhani ikafika pa chipewa ndiye kuti yafika pa nyumba yake.

"Inde, bwana."

"Chabwino. Ine ndatopa ndi munthu amene amasiya injini Loweruka. Kuyambira lero injini ndi yako. Kapitawo, Eliya akabwera mawa umuuze achoke, nyumba yake ipatsidwe kwa wina."

Fabiano anawomba m'manja kuthokoza, monga mwa mwambo.

Lamulungu m'mawa a Eliya anatulukira panjira ya m'tiyi atavala zantchito, sipanala yawo ili m'thumba. Anamva injini ali patali, ndipo anaima, napendeketsa mutu, namwetulira. A Blackson anali ataima kale pakhomo la fakitale, manja m'chiuno. Koma a Eliya anayamba apita kwa Fabiano, amene ankapukuta malo amodzi omwewo kuyambira m'bandakucha.

"Ikuyenda bwino kuposa kale," anatero a Eliya, akumugwira paphewa. "Ana agona m'nyumba, eti?"

"Agona, achimwene."

"Basi, n'zimene ndimapempherera dzulo lonse."