Fodya wa a Abednego

Tandiyankhani aka musanakhale pansi: kanthu koyera, kakalowa m'ndiwo sikaonekanso ndipo palibe amakathokoza, koma kakangojomba tsiku limodzi nyumba yonse imakafunsa. Mwalephera? Ng'ombe zanuzo sungani, kuno ku Sizinda ndi m'tauni, kulibe khola. Ndi mchere.

Malita anautulutsa m'nyumba mwake Lachiwiri lina m'mawa, paketi yonse, n'kuupereka pamwamba pa mpanda kwa NaThabani, mayi woyandikana naye. Mwana wa Malita, Nobuhle, wa zaka zisanu ndi ziwiri, anali atangotuluka m'chipatala ndi matenda a impso. Nkhope inali itatupa mpaka maso kutsala timing'alu. Ukadina chala pakakolo, kadzenje kamatsala pomwepo kukudikira. Adokotala anapereka mapiritsi ndi lamulo limodzi: mchere asaulawe.

Poyamba Malita ankaphika miphika iwiri, waukulu wa onse ndi kakang'ono ka wodwala. Nobuhle ankayang'ana mbale yake, n'kuyang'ana za anzake, n'kutembenukira kukhoma.

"Idyako pang'ono, mwanangu."

"Angifuni!"

Chichewa amachimva bwino mwanayo, koma akakwiya "sindikufuna" wake amatuluka m'Chindebele. Masiku atatu anadutsa chonchi, ndipo mapiritsi aja safuna m'mimba mopanda kanthu. Ndiye Malita anagamula: mphika umodzi basi. Chimene adye mwana, adye aliyense.

Nobuhle sanakhulupirire msanga. Anadzilemba yekha upolisi. Mbale iliyonse inkayamba yadutsa pampando pomwe ankagona, iye n'kulawa ndi supuni yake. Akagwedeza mutu, mwini mbale adye. Akatsiriza zonse, m'pamene nayenso ankadya.

Malita anaphunzira kunyengerera lilime. Anyezi ankamukazinga mpaka afiire, adyo wosinja, ndimu wofinyira pamasamba. M'mawa uliwonse ankazunguliza ulusi pamimba pa mwanayo n'kumanga mfundo, kuti aone ngati kutupa kukubwerera kapena kukupitirira. Ulusiwo unkakhala m'Baibulo.

Koma mtima wake sunali pamalo. Mwamuna wake Laston amawotcherera zitsulo kumafakitale a ku Kelvin, tsiku lonse pamoto, thukuta kamukamu. Ankabwera madzulo n'kudya nyemba zozizirazo osanena kanthu, ndipo kusanenako n'kumene kunkamupweteka Malita. Kodi sakuzunza munthu wa ntchito yolemetsa chifukwa cha nkhanza za chikondi chake? Tsiku lina anakapempha kamchere kwa NaThabani, n'kukakulunga m'pepala, n'kukabisa m'kontena ya chakudya cha mwamuna wake.

Madzulo kontena inabwera yopanda kanthu, kapepala kali komangamanga monga kanapitira.

"Bambo a Nobuhle, kuntchitotu mwana sakuonani."

"Sandiona, koma amandifunsa," anatero Laston akumasula nsapato. "Ndikamunamiza pa mchere, adzandikhulupirira bwanji ndikamamuuza kuti achira?"

Malita anangotembenuka n'kuyamba kutsuka mbale zotsukatsuka kale.

Tsono m'nyumbamo munali munthu wachinayi, a Abednego, mlongo wake wa Malita, wamkulu kubadwa, amene anapuma ntchito kunjanji n'kumakhala m'kachipinda ka kuseri. Mukadawamva pageti, mukadati matendawo akuchiza ndi iwo.

"Nzeru yotaya mchereyi ndi yanga," ankauza aliyense wodikira kombi. "Ine ndinayendapo masiku anayi m'sitima ya malasha, chakudya chimanga chokazinga chokha. Mchere ndi wa anthu a lilime lofooka! Alamu angawa akuvutika, ndikuwaona, koma ndimawalimbitsa mtima."

Chodabwitsa n'chakuti masiku omwewo anayamba fodya wa mphuno, paukalamba. Kachitini kake sikankachoka m'thumba la jekete. Koma palibe amene anawamvapo akuyetsemula.

Lamulungu lina mfundo ya ulusi inabwerera m'mbuyo zala zitatu zathunthu. Malita anayeza kawiri. Anagula nkhuku, naphika mpunga, naitana NaThabani kuti adzadye nawo. Kwa nthawi yoyamba Nobuhle anakhala patebulo ndi anthu. Analawa mbale zonse monga mwa ntchito yake, Laston n'kupemphera, aliyense maso otseka.

Ndati aliyense? Chabwino, tiyeni tipitirire.

Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi. A Abednego anatafuna ntchafu, maso ali gwa padenga.

"NaThabani, mukundiona? Miyezi iwiri! Ngakhale kulota sindinaulotepo. Mwanayu akuchira poonera ine."

Nobuhle anawayang'ana ndi maso ake amene tsopano ankatseguka bwino.

"Malume, inu ndinu amphamvu kuposa adadi?"

"Funsa njanji, mwana wa mlongo wanga."

"Ndiye tisinthane mbale. Ndidye mphamvu zanu."

Anakoka mbale ya amalume ake, supuni yalowa kale mumsuzi. Malita anaona nkhope ya mlongo wake ikusanduka ngati phulusa, ndipo anamvetsa zonse supuni ili m'njira yopita kukamwa. Asanatsegule pakamwa, nkhalamba ija inali italumpha ngati mnyamata.

"Hayi bo! Usadye! Siya, siya!"

Anatsomphola supuni, msuzi n'kuwathira pataye. Jekete inakola pampando, kachitini kaja n'kugwa, n'kugubuduzika pasimenti yofiira yopolishidwa, chivindikiro uko. Zimene zinamwazika zinali zoyera mbee.

Malita sanayang'ane mcherewo, anayang'ana mwana. Ankaliona kale khoma lija, ndi kamsana kotembenuka, ndi "angifuni" wa masiku atatu. Miyezi iwiri ya anyezi ndi ndimu inali pansi apo pamodzi ndi kachitini.

Nobuhle anasuzumira pansi pa tebulo, kenaka n'kudzutsa mutu.

"Malume, fodya wanu wamera imvi?"

NaThabani ndiye anayamba, mpunga kutulukira m'mphuno. "Mayi ine! N'chifukwa chake paketi ija ikutha! Amabwera Loweruka lililonse, ati, 'Mundigawireko pang'ono, dzino likundivuta, ndikachukuche.' Ine mpaka kumawapempherera dzinolo!"

"Dzinolo limapwetekadi nthawi zina," anang'ung'udza a Abednego.

"Dzino liti, achimwene?" anafunsa Malita. "Atsala anayi. Tilozereni."

Laston, munthu amene mawu ake amawasunga ngati mafuta a galimoto, anapukuta pakamwa bwinobwino. "Alamu, akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Nanga wanuyu bwanji amalowera pakamwa?"

Apo Nobuhle anaphulika. Anaseka atagwira kamimba kake kaja, misozi ili chuchuchu, kuseka kumene nyumbayo inali isanakumve chichokereni kuchipatala. Atapuma anayang'ana bambo ake.

"Adadi, inunso muli ndi kachitini?"

"Secha," anatero Laston, natembenuza matumba onse. Munagwa kandodo kowotcherera kotsala ndi batani limodzi.

Mwanayo anagwedeza mutu monga amachitira mbale ikakhoza mayeso. Anakokera mbale yake pafupi n'kuyamba kudya, osauzidwa ndi munthu. Malita anawerenga masupuni mumtima, mpaka anasiya kuwerenga.

Chigamulo anapereka ndi wapolisi mwini wake, pakamwa pali mpunga. Ngwazi ya njanji isese mchere wonse, kenaka itsirize theka la ndimu lomwe linatsala pambale, pamaso pa anthu.

A Abednego anagwada ndi tsache, taye yonyowa ikulendewera. Ataluma ndimu uja nkhope inakwinyika ngati chikwama chakale, maso n'kutsala timing'alu.

"Amama, bweretsani ulusi," anatero Nobuhle. "Amalume atupa."