Majombo Oyera a Mayi Mbarka

Mayi Mbarka anafunafuna majombo awo oyera kuseri kwa chitseko, pansi pa bedi, mpaka padenga pomwe amayanika zovala, koma sanawapeze. Mabwato anali pafupi kuyambanso kupita panyanja, ndipo fakitale yoika nsomba m'zitini inali itatumiza kale uthenga kwa amayi onse a m'dera lawo, mumzinda wa Safi.

"Jawad, majombo anga aja wawaona?"

Jawad, mwana wawo mmodzi yekhayo, anali kumwa tiyi choimirira, makiyi a njinga yamoto ali m'manja. Chaka chimenecho anali atapeza ntchito yokonza mainjini kudoko, ndipo ukwati wake ndi mtsikana wina dzina lake Sanaa unali utapanganidwa kale.

"Ndinawataya, amayi."

"Unawataya? Mwini wake ndili moyo?"

"Ntchito yawo inatha. Ku nsomba simubwererakonso. Ndinalonjeza pamaso pa makolo a Sanaa kuti mayi anga azikhala pakhomo. Mukufuna anthu aziti Jawad akudya nyama pamene mayi ake akutumbula nsomba? Chaka chamawa mukwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi. Penshoni ibwera yokha. Pakadali pano ndilipo ine."

Mayi Mbarka anayang'ana manja awo. Anali ong'alukang'aluka ndi mchere komanso madzi ozizira. Kunena zoona, mawu a mwana wawo anawakomera. Anali atatopa ndi fungo la nsomba lomwe silinkachoka ngakhale atasamba motani. Za penshoni nawonso ankaganiza chimodzimodzi. Pa malipiro awo ankadulidwa nthawi zonse, ndiye chikanavuta n'chiyani? Malemu amuna awo, a Si Allal, ankasoka maukonde popanda bwana wowalembetsa, ndipo atamwalira anasiya singano zawo ndi mbiri yabwino basi. Mayi Mbarka ankadziuza kuti iwo zawo sizidzatero.

M'mawa womwewo ananyamula thabwa la buledi wosaphika kupita nalo ku uvuni wa m'deralo. Kumeneko anapeza a Yamna, mnzawo wa khomo loyandikana nalo, amene anapuma ku fakitale komweko zaka zingapo zapitazo.

"Eee, mfumukazi yafika!" anatero a Yamna. "Ndamva kuti mwakwezedwa pa udindo, tsopano ntchito yanu ndi kukhala pamtsamiro. Tizikugwadirani?"

"Siyani chipongwe, achemwali. Mwana wanena kuti ndipume."

"Mwana wanena. Nanga ofesi ya penshoni yanena chiyani?"

"Ndikataniko? Zaka zanga sizinakwane."

"Nthawi yopitako ndiye imeneyo, zisanakwane. Mwagwira ntchito zaka zingati?"

"Kuyambira Jawad ali kumsana."

"Zakazo mukuwerenga ndinu," anatero a Yamna, akutsitsa mawu. "Ofesi siwerenga zaka. Imawerenga masiku amene bwana anakulipirirani. Ife ntchito yathu imayendera nsomba. Chaka chija nsomba zinathawa, tinagwira nthawi yaitali bwanji?"

"Mwina miyezi iwiri."

"Nanga chija munkadwazika a Si Allal, Mulungu awachitire chifundo?"

Chaka chimenecho Mayi Mbarka sanapondeko n'komwe ku fakitale.

"Mukuwakumbukira a Fatna aja ankaimba pa mzere wathu?" anapitiriza a Yamna. "Anasiya ntchito osafunsa. Zaka zitakwana anapita ku ofesi atavala zatsopano, n'kukamva kuti masiku awo ndi operewera. Anangowabwezera zimene anadulidwa, kamodzi n'kamodzi. Anagula firiji, anadyetsa anthu pa ukwati wa mwana wawo, zinathera pomwepo. Pitani kudepoti mukawaone, akugulitsa mazira ophika."

Tsiku lotsatira awiriwo anakwera basi. Mayi Mbarka anamanga chitupa chawo cha unzika ndi khadi la kuntchito m'kampango n'kuika pachifuwa. Ku ofesi anadikira pabenchi mpaka anaitanidwa ndi mayi wina wa magalasi, dzina lake Btissam, amene anawalandira mwaulemu n'kufufuza dzina lawo pa kompyuta.

"Lala Mbarka, mwachita bwino kubwera lero osati chaka chamawa," anatero mayi Btissam, powatchula ndi mawu aulemu oitanira amayi. "Kuti munthu alandire penshoni ya mwezi ndi mwezi pamafunika zinthu ziwiri. Choyamba, zaka zakubadwa zikwane. Chachiwiri, masiku amene anasonkheredwa akwane. Zaka zanu zikwana. Masiku anu ndi operewera."

Mayi Mbarka anasendera pafupi. "Operewera kwambiri?"

"Ayi. Mukagwira nyengo imodzi yathunthu ya nsomba, akwana."

"Ndikapanda kugwira?"

"Njira zina zilipo ziwiri. Mutha kumasonkha nokha mwezi ndi mwezi mpaka akwane, koma pamenepo mulipira gawo lanu ndi gawo lomwe bwana akanalipira. Kapena mutha kulandira ndalama kamodzi, n'kuiwala za penshoni. Ambiri amasankha yomalizayo chifukwa imaoneka yaikulu. Ine ndimawapempha kuti aganize kaye za zaka khumi zikubwerazo."

A Yamna anawagunda mnzawo ndi chigongono. "Firiji ija," ananong'ona.

"Chinanso," anatero mayi Btissam. "Penshoni ya anthu ogwira ntchito mwa nyengo imakhala yochepa. Pali thandizo loonjezera kwa okalamba amene zolowa pakhomo pawo n'zochepa. Koma limenelo silibwera lokha. Mumabwera kudzalembetsa, tiona mmene mukukhalira, ndipo mukayenera mumalandira."

"Mwana wanga, ine sindinatambasulepo dzanja kwa munthu," anatero Mayi Mbarka. "Sadaka apatseni amasiye."

"Si sadaka, Lala. Ndi lamulo, ndipo linaikidwira anthu ngati inu amene munagwira ntchito moyo wonse ndi malipiro ochepa. Mukalisiya, silipita kwa wamasiye aliyense. Limangokhala."

Madzulo ake Jawad atamva zonse anaika kapu pansi mwamphamvu.

"Ndiye ndizikusonkherani ine! Sanena okha kuti n'zotheka?"

"Ndi ndalama ziti? Za chipinda chimene ukumangira mkazi wako? Ukufuna ukwati uimitsidwe chifukwa cha ine?"

"Ndipeza njira."

"Upeza mwezi woyamba ndi wachiwiri. Wachitatu injini ya moyo wako idzafuna mafuta ena. Tamvera, Jawad. Ndiwe mwana wabwino, ndipo mtima wako ndikuudziwa. Koma ine ndinaona bambo ako akuchita manyazi kupempha ndalama ya mankhwala kwa mng'ono wawo. Sindikufuna kuti ndizidzadikira mkazi wako atuluke m'chipinda kuti ndikupemphe ya sopo."

"Nanga mawu anga aja? Ndinalankhula pamaso pa akuluakulu. Adzati ndine mwamuna wotani?"

"Mawu akowo ndikawakonza ndekha. Lachisanu makolo a Sanaa si akubwera kudzadya kuno?"

Jawad anatuluka, ndipo masiku otsatirawo ankangopereka moni n'kudutsa.

Lachisanu, anthu atachoka ku mzikiti, banja la Sanaa linafika. Panali bambo ake, a Si Driss, ogulitsa nsalu kumsika, ndi mayi ake, a Ghita, komanso Sanaa mwini wake. Onse anazungulira mbale imodzi yaikulu ya kusikusi, chakudya cha tirigu wa timibulu. Mayi Mbarka anadikira mpaka alendo atakhuta ndipo tiyi atathiridwa. Kenako anayamba kulankhula.

"Si Driss, Lala Ghita, mwana wanga anakulonjezani kuti ndasiya ntchito. Analonjeza chifukwa chondikonda. Koma ine ndabwera kuchokera ku ofesi ya penshoni, ndipo andiuza kuti ndikasiya pano nditaya zonse zimene ndinavutikira. Yatsala nyengo imodzi. Mabwato akayamba, ndibwerera ku fakitale. Ngati pali manyazi, ndi anga, si a Jawad."

Jawad anaweramitsa mutu. A Si Driss anatsokomola, akusisita ndevu.

"Komatu Lala Mbarka, ukwati uli pafupi. Achibale athu akabwera kuchokera kutali n'kufunsa kuti apongozi ali kuti, tidzati ali ku nsomba?"

"Mudzati ali ku nsomba," anayankha a Ghita, mkazi wawo, asanafunsidwe. Anaika tambula pansi n'kutambasula manja awo. Nsonga za zala zinali zolimba ngati chikopa. "Lala Mbarka, onani awa. Ndapeta madiresi a akwatibwi a mumzinda uno kuyambira ndili mtsikana, ndili m'nyumba, mwaulemu wake, osaonedwa ndi aliyense. Palibe anandilembetsa kulikonse. Lero maso afooka, ndipo ngakhale ya sopo ndimapempha kwa awa. Ndiye amandifunsa kuti sopo wa mwezi watha ali kuti."

"Ndimangofunsa chabe," anatero a Si Driss.

"Mumangofunsa! Ngati kuti ndimamudya."

Sanaa anaphulika n'kuseka, n'kubisa nkhope m'mpango. A Si Driss nawo analephera kudzigwira. A Ghita anagwira dzanja la Mayi Mbarka.

"Pitani, achemwali. Ndikanakhala kuti ndatsala ndi nyengo imodzi, ndikanapita ngakhale chokwawa."

"Buledi ndizipititsa ku uvuni ndine, amayi," anatero Sanaa. "Ukwati usanachitike kapena utachitika, zilibe kanthu."

A Si Driss anayang'ana Jawad. "Mwana wanga, mwamuna amene akumanidwa mawu ndi akazi atatu nthawi imodzi asalimbane nawo. Ine mmodzi yekha amandikwanira. Lonjezo lako takumasula."

M'mawa umene belu la fakitale linalira koyamba, Mayi Mbarka anapeza majombo oyera atsopano pakhomo, m'kati mwake muli masokosi okhuthala. Panja njinga yamoto ya Jawad inali ikulira kale.

"Ndi aakulu," anatero atawavala.

"Ndinachitira dala, kuti masokosi alowe. Kwerani, muchedwa. Ndipo gwiritsitsani, si bulu uyu."

Nyengo imeneyo sinali yophweka. Masiku ena nsomba zinkabwera zochuluka moti amayi ankaimirira mpaka miyendo kutupa. Masiku ena mphepo inkaletsa mabwato, ndipo Mayi Mbarka ankayang'ana kunyanja ndi nkhawa poopa kuti masiku awo sakwana. Sanadikirenso kuti auzidwe. Mwezi uliwonse ankapita ku ofesi kukatsimikiza kuti masiku amene agwira alembedwa. Ukwati unachitika nyengo ili m'kati. Wopaka hina, utoto wokongoletsa manja pa ukwati, anadandaula kuti manja awo ndi ong'aluka kwambiri, koma iwo anamuuza kuti apake choncho, ndipo anavina nawo manja ali m'mwamba.

Mabwato atatsala pang'ono kuima, mayi Btissam anayang'ana pa kompyuta n'kuvula magalasi.

"Akwana, Lala Mbarka."

Mayi Mbarka anangogwedeza mutu. "Ndayamika Mulungu. Tsopano za thandizo lija munkanena, ndidzayambire pati?"

Zaka zawo zitakwana, penshoni inayamba kubwera. Inali yochepa monga anauzidwira. Jawad ndi mkazi wake anali atayamba kudziphikira okha m'chipinda chawo chatsopano, ndipo a ofesi ataona mmene Mayi Mbarka akukhalira, anavomera kuwapatsa thandizo loonjezera. Zonse pamodzi zinkakwanira chakudya, magetsi ndi mafuta opaka m'manja. Mwezi woyamba anagula shuga wa chibuluma awiri, uja amapatsana pa zikondwerero. Wina anapereka kwa a Yamna, wina kwa a Ghita, pamodzi ndi sopo.

Nyengo yotsatira belu litalira, Mayi Mbarka anapitanso ku geti la fakitale, koma majombo ali m'manja. Anawapereka kwa mayi wina wachitsikana amene ake anali obooka. Amayi anzawo anawazungulira n'kumawafunsa kuti zinayenda bwanji.

"Ndikuuzani zimene ndinatsala pang'ono kuphunzira mochedwa," anatero. "Musasiye ntchito musanapite ku ofesi ya penshoni. Musawerenge zaka zanu pamtima, kafunseni kuti masiku amene analembedwa ndi angati, ndipo kafunseni mudakali ndi mphamvu zokwaniritsa otsalawo. Akakuuzani za ndalama ya kamodzi, musathamangire. Penshoni ikakhala yochepa, funsani za thandizo loonjezera, chifukwa silibwera lokha ndipo si sadaka. Ana athu amatikonda, koma nawonso ali ndi makomo awo."

Belu linaliranso kachiwiri. Amayi anayamba kulowa, ndipo mmodzi wa iwo, wa imvi kale, anatsalira pageti.

"Lala Mbarka, ofesiyo basi yake ndi iti?"

"Mawa m'mawa mundipeze ku uvuni," anayankha. "Mutenge chitupa ndi khadi la kuntchito. Ndikuperekezani."